Pulaka Ziwiri pa Khomo la Hortência

Arlete ali ndi zaka zisanu anandifunsa tsiku lina tikuchokera kudimba kuti, "Ababa, munda ndi wa amayi, nyumba ndi ya amayi, mbuzi nazo ndi za amayi. Nanga chanu pano n'chiyani?" Amayi ake anaseka mpaka anatula dengu pansi. Ine ndinayamba ndaganiza, monga ndimachitira, kenaka ndinamuyankha kuti njinga ndi kompyuta. Mwanayo anakhutira. Sankanyoza, ankangofuna kudziwa, ndipo sananame. Ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Domwe, koma ndinakwatira kuno kufupi ndi Fonte Boa, ndipo ndakhala pa nthaka ya akazi anga zaka khumi ndi chimodzi.

Hortência anamwalira chaka chatha, m'nyengo yozizira. Chaka chikatha pamakhala misa, amamanga chiliza, ndipo mawa lake abale a mkazi amakhala pansi kuti asudzule mwamuna wotsalayo, ndiye kuti kumumasula abwerere kwawo. Mwana satsata bambo. Amatsala ndi mbumba ya mayi ake. Nthawi zina, mkamwini akakhala wa phindu, amamuuza kuti akhale alere ana ake. Nthawi zina samuuza. Arlete tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ine chaka chonse chija ndinkadzuka ndi kugona ndi nkhani imodzi yomweyo: kodi andisiya pafupi ndi mwanayu kapena ayi.

Oweruza anali awiri. A Zacarias, mlongo wa Hortência, ndiwo mwini mbumba. Amagulitsa kachewere ku Tete ndipo ankandikonda. A Benedita, mkulu wake wa Hortência, ankafuna nyumba. Sindiwanena zoipa. Ndiwo ankasambitsa akazi anga miyezi inayi yomaliza, ine nditalephera. Koma mwana wawo Dércia akukwatiwa, mwamunayo akubwera kudzakhala pamudzi, ndipo nyumba ya malata pakhomo ponse ndi imene ine ndinkagonamo.

Ntchito yanga ndi yojambula maukwati, ubatizo ndi masiku a ukaristiya woyamba. Ndimadula zithunzizo pa kompyuta, kuikamo nyimbo ndi maina, kenaka makinawo amazilumikiza zonse n'kutulutsa filimu imodzi imene ndimaika pa fulashi. Ndinaphunzira ku sukulu ya usiku ku Ulongwe, kumene ndinamalizira kalasi la khumi ndili ndi ndevu. Ntchito yolumikizayo imalemera pa chipangizo chimodzi chimene timati pulaka ya vidiyo, chonga kathabwa kokhala ndi timapiko tozungulira toziziritsira. Yanga inafa Pasaka atangopita. Filimu ya chiliza, imene banja lonse linkayembekeza, ndinali ndisanaiyambe.

A Zacarias atamva sanandifunse kanthu. Anapita ku Tete ndi matumba a kachewere wa m'dimba la mbumba, limene mayi awo anasiyira onse, ndipo anabwerako ndi bokosi lalikulu lofiira. Anandipatsira pabwalo, anthu onse akuona. Ananena kuti wogulitsa wawatsimikizira kuti m'loja monse, ndiye kuti m'sitolo yonseyo, munalibe yoposa imeneyi, ndipo anatembenukira kwa a Benedita n'kunena kuti mlamu wawo ndi munthu wa luso, mbumba yamugulira khasu, tsono alime. Aliyense anamva chimene ankatanthauza. Ankandimangirira pakhomo ndi bokosi lija.

Pulakayo inali yabwinodi. Magiga asanu ndi atatu a nkhokwe yake yosungira zithunzi, timapiko tiwiri, yolemera ngati njerwa. Koma pambali pa bokosi panalembedwa nambala imene a Zacarias sakanaiyang'ana: mawati 185, moto umene imadya. Kuno chingwe cha magetsi chinathera ku mishoni. Ine ndimagwira ntchito ndi mapainelo awiri a mphamvu ya dzuwa padenga, bateriya imodzi ya lole, ndi kabokosi kosandutsa moto wa bateriya kukhala wa m'nyumba. Kabokosiko kamapirira mawati 300. Kompyuta ndi sikirini yake zimadya pafupifupi 150. Masamu amenewa ndinawachita kawiri, ndikuyembekeza kuti ndalakwitsa.

Poonetsa filimu yotha kale pulakayo sinkavuta, chifukwa pamenepo sidya moto wambiri. Koma ikayamba kulumikiza, timapiko tinkakwiya, kabokosi kaja kankatentha n'kuyamba kulira, kenaka zonse zinkathima. Ndinayesa kasanu, dzuwa lili paliwombo. Siinapitirirepo mphindi zisanu ndi zinayi.

Kuseri kwa mpanda wa khonje kumakhala mayi Rufina. Ndi a mbumba ina, nthaka yawo ndi yawo; anathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, n'kubwerera kudzapeza malo awo atamera tchire, ndipo anawalambula okha ndi ana awiri. Mwana wawo Gerson amagwira ntchito ku Beira, ndipo anasiya kompyuta yake yakale m'chipinda, yofundikidwa kapulana, chitenje cha kuno. Iwo ndiwo anayamba kundifunsa kuti kodi kunyumba kwanga kwabwera mbalame yanji yolira masana. Nditawafotokozera, ananditsegulira chipindacho.

"Tengani chimene mukufunacho, bambo a Arlete," anatero. "Koma chikakalira ngati chanucho mubweze msanga. Nkhuku zanga zasiya kuikira."

Pulaka ya Gerson inali yaing'ono, ya kapiko kamodzi, magiga anayi, mawati 75. Siinkafuna ngakhale chingwe chapadera cha moto. Ndinaiika, ndinayesa ndi filimu ya ukwati wina ya mphindi makumi anayi. Inayenda mwakachetechete ngati munthu wosenza nkhuni, ndipo inamaliza pa mphindi 29.

Sindinafune kuweruza mofulumira. Mwina pulaka yaikuluyo inali yowonongeka, ndiye kuti a Zacarias anaberedwa. Kapena inali yabwino, ndiye kuti vuto ndi denga langa. Ndinamanga kompyuta pa njinga n'kupalasa mpaka ku Ulongwe, kwa mnzanga wa ku sukulu ya usiku amene ali ndi malo a fotokopiya pa magetsi enieni. Filimu yomweyo, makina omwewo. Yaikulu inamaliza pa mphindi 17, zithunzi zosalala, ndipo podula sinkadodoma ngakhale nditasanjikiza zithunzi zitatu. Yaing'ono inamaliza pa 29 ngati kale, n'kumadodoma pang'ono pa zosanjikizazo. Ndinalemba zonse mu kaderno, kabuku kanga kolembamo. Mnzangayo anati pamenepa palibe mlandu, yaikulu yapambana. Ndinamuuza kuti yapambana ku Ulongwe.

Pobwerera ndinakankha njinga pa chitunda chonse, osati chifukwa cha kutopa. Ndinkasinkhasinkha. Ndikanena kuti pulakayo siyenera kuno, ndiye kuti ndanena pamaso pa mbumba kuti a Zacarias anataya kachewere wa anthu onse osafunsa, ndipo munthu yekhayo wondilankhulira akhala wopanda mawu. Ndikakhala chete n'kulephera ntchito, ndiye kuti mkamwini wapatsidwa khasu latsopano n'kulephera kulima. Kugula mapainelo ena ndi kabokosi kakakulu kunali kutali ndi ine ngati Maputo. Kulikonse kumene ndinkayang'ana kunali mpanda.

Tsono ndinachita chimene sindinyadira. Masiku a ntchito ndinkaika yaing'ono. Lamlungu, a Zacarias akamabwera kuchokera ku misa, ndinkaika yaikulu n'kusiya mbali ya kompyuta yotsegula kuti aione. Iwo ankakhala pampando, kuwerama, kutchera khutu ku timapiko, n'kugwedeza mutu ngati munthu womvetsera injini ya galimoto yake. Ndinkawaonetsa zimene ndamaliza sabata imeneyo. Ankati, mwaona, zithunzi zikuwala mwamtundu wina tsopano. Ine ndinkati ee. Masabata asanu ndi limodzi ndinakhala ndikuzula ndi kubzala mapulaka ngati mbande, mpaka chala changa chinachita chipsera pa kachitsulo kotsekera.

Lachitatu la sabata ya chiliza a Zacarias anabwera masana, tsiku losakhala lawo. Anali atapeza mu foni yakale kafilimu ka Hortência akuimba mu kwaya, ndipo ankafuna kalowemo. Anandipeza kompyuta ili yotsegula, kapiko kamodzi kakuzungulira, pulaka yawo ili pamphasa, yokulungidwa m'thaulo.

Sanakalipe. Ali chiimire pakhomo, anafunsa ngati yawonongeka. Ndinati ayi. Anafunsa kuti nanga yalakwanji. Ndinawapatsa mpando ndi kaderno, ndinawawerengera manambala mmodzimmodzi, ndipo poona kuti manambalawo sakuwalowa, ndinazula yaing'ono n'kuika yawo. Ndinaikamo kafilimu ka kwaya kaja n'kuyambitsa. Tinakhala tikuyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono, nkhope ya mlongo wawo ili pa sikirini, kukamwa kotsegula pakati pa nyimbo. Pa mphindi yachisanu ndi chiwiri kabokosi kanalira. Sikirini inada.

"Wogulitsa uja anandinamiza," anatero.

"Sananame, alamu. Ndi yabwino kuposa inayo. Koma imafuna magetsi a m'tauni."

"Ndiye bwanji simunanene tsiku lomwelo?"

"Munandipatsira pabwalo."

Anapukuta nkhope ndi chipewa. Anandiuza, akuyang'ana pansi, kuti kachewere uja alongo awo ankafuna agulire malata a Dércia, ndipo anakangana masiku awiri asanawagonjetse. Anati nkhaniyi ikatuluka, Lamlungu iwo adzakhala pa bwalo ngati chitsa. Anandipempha kuti isatuluke. Ndinavomera kuti sindidzaiyambitsa ine. Sindinalonjeze zoposa pamenepo, ndipo iwo anazindikira.

Chimene tonse awiri tinaiwala ndi mafoni. Pakhomo ponse amatchajitsa pa bateriya yanga. Tsiku lililonse limene ndinayesa pulaka yaikulu, bateriya inkatsala yofooka ndipo mafoni ankabwerera kwa eni ake osadzaza. A Benedita sadziwa giga kapena wati, koma amadziwa kuwerenga masiku. Anali atandionanso ndikudutsa pa khonje ndi kanthu kokulunga.

Loweruka misa inachitika, chiliza chinavundukulidwa, ndipo madzulo, dzuwa lisanalowe, tinaonetsa filimu pakhonde. Anthu analira pamene panali poyenera kulira, ndipo anaseka pamene Hortência ankathamangitsa mbuzi pa ukwati wa msuweni wake. Arlete anakhala pamiyendo pa a Benedita, osaphethira. Ambiri anabwera kudzagwira dzanja a Zacarias, kuwayamika chifukwa cha makina amene anagula. Iwo ankalandira manjawo osandiyang'ana.

Lamlungu tinakhala pansi. Kuchokera ku Domwe anabwera amalume anga, a Afonso, amene anali nkhoswe pa ukwati wathu. A Zacarias analankhula bwino. Anati mkamwiniyu sanamenyepo mkazi, sanagonepo ku mowa, ndipo dzulo aliyense waona ntchito ya manja ake. Mbumba inamugulira chipangizo, ndipo ndi nzeru kuti chipangizo ndi mwini luso akhale pamodzi pamene pali mwana. Ena anang'ung'udza movomereza.

A Benedita anadikira mpaka onse atatha. Anayamikira filimu, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Alamu, inu simunama, tonse tikudziwa. Filimu ya dzulo ija inatuluka pa chipangizo chiti, cha bokosi lofiira kapena cha kwa mayi Rufina?"

Ndikanatha kunama. Palibe pabwalopo amene akanatsegula kompyuta n'kunditsutsa. Ndinayang'ana a Zacarias. Ankayang'ana nsapato zawo. Ndinaganiza kuti ndikanama lero, ndidzakhala ndikuzula ndi kubzala mapulaka Lamlungu lililonse mpaka Arlete atakula, ndipo tsiku lina bodzalo lidzagwidwa iye akumva. Ndinati cha kwa mayi Rufina.

Anafunsa ngati cha bokosi lofiira ndi choipa. Apa ndinayesa kupulumutsa mlamu wanga, ndipo ndi pamene ndinadzikola ndekha. Ndinafotokoza bwinobwino, monga ndikanafotokozera m'kalasi: kuti a Zacarias anagula chinthu chenicheni, choposa chinacho kawiri pa magiga, chomaliza ntchito pa mphindi 17 pamene chinacho chimatenga 29, kuti ndinaziyesa ndekha mbali ndi mbali, ndipo pamene pali magetsi a chingwe palibe angachipose. Ndinati vuto lake ndi limodzi lokha, kuti kuno moto ndi wochepa.

A Benedita anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati akondwa kumva kuti kachewere sanatayike pachabe. Anati chimene mbumba inapereka siingalandenso, chikhale changa, mphatso yothokoza zaka khumi ndi chimodzi. Ndipo anafunsa amalume anga ngati pa msika wa Domwe pali magetsi a chingwe. Amalume anati alipo.

"Ndiye tisamuphere luso munthuyu pa bateriya ya lole," anatero. "Apite nacho kumene chingagwire ntchito. Mwana tilera, ndi wathu. Azibwera kudzamuona."

Panalibe mawu achipongwe amene munthu akanagwira. Amalume, amene anabwera kudzalandira munthu wawo mwaulemu, anaomba m'manja mothokoza, ndipo ine, poti mwambo umatero, ndinaomba nawo. Abale a Hortência anandipatsa nthawi mpaka nditakumba kachewere wa m'dimba, masabata asanu.

Lolemba m'mawa Arlete atapita ku sukulu ndinazula pulaka yaing'ono, ndinaipukuta fumbi, ndinaikulunga, n'kudutsa pa khonje. Mayi Rufina anali pakhonde akusankha nyemba. Anali atamva zonse. Pano nkhani siyenda ndi miyendo, imauluka. Anandiuza kuti m'moyo wawo aonapo amuna akuthamangitsidwa chifukwa cha mowa, ulesi ndi akazi a eni, koma woyamba kudzithamangitsa yekha ndi masamu ndi ine. Sindinaseke. Ndinawapatsa chokulungacho ndi manja awiri.

Anachilandira, anachiika m'lichero pamwamba pa nyemba, n'kunena kuti kuyambira lero sichidutsanso mpanda. Ndinati ndamva. Anati sindinamve. Chinthucho ndi cha Gerson, ndipo chizikhala m'chipinda cha Gerson. Wofuna kuchigwiritsa ntchito abwere ndi kompyuta yake, mapainelo ake ndi mbalame yake yolira ija, adzagwirire momwemo. Denga lilipo. Mphasa ilipo. Anthu a maukwati a ku Fonte Boa sangapite ku Domwe kukafuna filimu.

Ndinakhala pansi pa sitepe. Ndinawauza kuti anthu adzalankhula.

"Adzati chiyani, ndakwatiwa? Ndi mano atatu awa? Alankhule, mwina ndingatchuke."

Ndinati si zokhazo. A kwa Hortência andisudzula mwaulemu. Ndikangolumpha khonje n'kukhala, adzati ndawanyoza, ndipo mkwiyo wawo udzagwera mwana. Apa anasiya nthabwala. Anati ndanena zoona, ndipo n'chifukwa chake pali malamulo. Ndipite ku Domwe ndithu, tsiku limene anena, bokosi lofiira lili pamutu kuti aliyense aone. Ndikakhaleko masabata awiri. Pobwera ndibwere ngati waganyu wa mayi Rufina, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka ndizibwerera kwathu. Za chipindacho angalonjeze mpaka Natale, pa Khirisimasi, Gerson akadzabwera, zapatsogolo sazidziwa.

"Koma phazi lanu lisadzaponde mbali iyo ya khonje asanakuitaneni," anatero. "Ngakhale mutamva mwana akulira. Ngakhale mutaona mkamwini watsopano akukhoma msomali pakhoma limene munamanga inu. Mungathe?"

Ndinayang'ana kuseri kwa mpanda. Nyumba inali pomwepo, mapazi makumi awiri, zovala za Arlete zili pachingwe. Ndinayamba ndauyeza mtundawo ndi maso, chifukwa sindifuna kulonjeza chimene sindinachiyeze.

"Sindidzaponda," ndinatero.

"Ndiye nanenso mverani. Tsiku lililonse akaweruka ku sukulu ndidzamuitana ine, ndi pakamwa panga, adzadye kuno. Benedita sangakanize mwana kudya kwa nkhalamba imene inamusambitsa iye mwini ali khanda. Bola ndili moyo ndipo mawu akutuluka, ndidzamuitana."